Khrisimasi ya Thanzi, Bwalo Laukhondo ndi Ulemu kwa Amayi

Pulogalamu ya maphunziro ya pawailesi, yojambulidwa ku Kabwazi m'boma la Dedza
Olankhula: Muulutsi ndi Mayi Mlangizi wa za chakudya ndi thanzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Moni kwa inu a ku Kabwazi, a ku Lobi, a ku Thete, a ku Linthipe, kufikira inu a pa Chimbiya amene mwatsamira matumba a kachewere m'mbali mwa msewu. Ambiri mwangoweruka kumene kumunda, makasu akadali ndi dothi, pakuti Disembala kwathu kuno ndi mwezi wopalira. Komatu ndi mwezinso wa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Lero tikambirana zitatu: tidye bwanji kuti chikondwerero chisatisiyire matenda, tigule bwanji kuti chisatisiyire zinyalala ndi ngongole, ndiponso tiwalemekeze bwanji amayi amene amasenza chikondwerero chonsechi. Ndili ndi mayi mlangizi amene amayendera mabanja m'midzi ya kuno. Mayi, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo achimwene. Ndapereka moni kwa mafumu, kwa amayi ndi abambo, ndi kwa ana onse amene atsekera sukulu.

MUULUTSI: Ndiyambe ndi funso limene lili m'mitima ya ambiri. Kodi mwabwera kudzatiletsa mpunga ndi nkhuku? Chaka chonse tadya nsima ya nyemba, ndiye tsiku limodzi lokhali mutilandenso?

MLANGIZI: Ayi ndithu. Nkhuku iphedwe, mpunga uphikidwe, ana avale zatsopano ngati zapezeka. Chimene ndikupempha n'chakuti tiyang'ane kaye kalendala. Pa 25 Disembala chimanga chimakhala chikadali chaching'ono, chikudikira feteleza wobereketsa. Chaka chikangolowa, sukulu zimatsegulidwa, pamafunika makope, zolembera ndi yunifolomu. Kuchokera Januwale mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zapepuka, pamsika chimanga chakwera mtengo. Khrisimasi yathu imagwa pakhomo penipeni pa miyezi ya njala. Banja limene liiwala zimenezi limavina masiku awiri, n'kulira miyezi itatu.

MUULUTSI: Ndiye munthu atani ndi kandalama kamene wapeza? Pajatu magulu ambiri a banki m'khonde amagawana mwezi uno.

MLANGIZI: Ndalamayo isanafike kumsika, ikhale kaye pamphasa. Bambo ndi mayi akhale pansi, aigawe patatu: ya kumunda, ya sukulu, ndi ya chikondwerero. Ya chikondwereroyo ndi imene ipite kumsika, zinazo zitsale kunyumba. Munthu akapita nazo zonse m'thumba, akaona nsapato afuna, akaona wailesi afuna, ndiye paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zinthu ziwiri zokha ndikuletsa mwamphamvu. Choyamba, musagulitse chimanga cha chakudya kwa mavenda kuti mugulire zakumwa. Thumba limene mugulitse lero mudzaligulanso mu Febuluwale pamtengo wokwera, mwinanso mutachita ganyu m'munda mwa wina wanu ukudyedwa ndi udzu. Chachiwiri, musatenge katapila chifukwa cha phwando.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Tifike tsopano pa mbale. Chakudya cha thanzi pa Khrisimasi n'chotani?

MLANGIZI: A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya. Pali zokhutitsa monga nsima, mpunga, kachewere ndi mbatata. Pali zochokera ku nyama monga nkhuku, mazira, usipa, mkaka, ngakhale ngumbi. Pali za mtundu wa nyemba: nyemba zimene, soya, khobwe, nzama ndi mtedza. Pali ndiwo zamasamba, pali zipatso, ndipo pali za mafuta. Tsono taonani Kabwazi mu Disembala. Bonongwe, chisoso ndi luni zamera zokha m'munda, mukuzizula popalira. Nkhwani wayamba kutambalala. M'madimba muli mpiru, kabichi, tomato ndi anyezi. Ngumbi zikutuluka mvula ikakata. Mango ali mbwee pamsika, mapichesi a kumapiri kuno alipo. Magulu onse 6 mungathe kuwasonkhanitsa osakwera galimoto.

MUULUTSI: Koma mayi, ena amati kudya bonongwe pa Khrisimasi n'kudzionetsa umphawi.

MLANGIZI: Maganizo amenewo ndi amene akutipweteka. Mpunga wa mafuta ndi botolo la chakumwa chotsekemera zimadzaza mimba, koma sizimanga thupi la mwana. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 anali opinimbira. Mwana wopinimbira safupika msinkhu wokha ayi, nzerunso zake zimachedwa, kusukulu amavutika. Chodabwitsa n'chakuti vutoli limapezeka ngakhale m'madera olima kwambiri ngati kwathu kuno, chifukwa soya, nyemba ndi mazira timathamangira nazo kumsika, ana n'kutsala ndi phala la mgaiwa lopanda kanthu. Ndiye pa tsiku lalikululi ikani mpunga kapena nsima, nkhuku, nkhwani wotendera nsinjiro, nyemba pang'ono, pomaliza mango. Mbale yotere ndi ya mfumu.

MUULUTSI: Nanga kagawidwe ka nkhukuyo? Kwathu kuno tikudziwa amene amadya ntchafu ndi nthutumba.

MLANGIZI: (akuseka) Abambo ndi alendo. Ana amapatsidwa mutu ndi zipalapasiro, mayi wophikayo amangonyambita msuzi. Abambo, ulemu wanu sitikukulandani, koma thupi lanu linakula kale. Amene akufunika nyama kwambiri ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa. Chiwindi chipite kwa iwo, chifukwa chimawonjezera magazi. Mwana wamng'ono apatsidwe mbale yakeyake, nyama itaduliridwa tizidutswa tofewa. Akamadyera limodzi ndi akuluakulu ake, manja ake amachedwa, amadzuka ndi njala pa tsiku la phwando.

MUULUTSI: Pali china chokhudza kaphikidwe chimene amayi ayenera kusamala?

MLANGIZI: Zilipo zitatu. Choyamba ndi soda kapena chidulo. Zimafewetsa masamba msanga, koma zimawononga mavitamini ena. Masamba anthete a nyengo ino safuna soda: atsukeni musanawadule, aphikeni kanthawi kochepa ndi madzi ochepa, madzi akewo musataye. Chachiwiri ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Kafukufuku wa mu 2009 anasonyeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Mchere ukhale wa ayodini, koma wapang'ono, ndipo kambale ka mchere kasamakhale pamphasa podyera. Chachitatu ndi mafuta. Si kuti Khrisimasi yakoma chifukwa mpunga ukusambira m'mafuta. Mafuta amene mwakazingira tchipisi kangapo mpaka kuda, atayeni.

MUULUTSI: Nanga zakumwa? Mwana sakhulupirira kuti Khrisimasi yafika asanagwire botolo.

MLANGIZI: Botolo limodzi pa tsikulo si mlandu. Koma dziwani kuti m'botolo limodzi la zakumwa zotsekemera za m'sitolo mumakhala shuga wokwana pafupifupi masupuni a tiyi 8. Mwana akamwa atatu, mano ndi mimba zimadandaula, chakudya chenicheni amachikana. Odwala matenda a shuga apewe ndithu. Thobwa lathu la chimera cha mawere limakhutitsa banja lonse ndi alendo omwe pamtengo wochepa, ndipo silisiya botolo pabwalo. Ingosamalani kuti chidebe chikhale chovundikira, chotungira chikhale chimodzi cha chogwirira chachitali, pasakhale woviika kapu yomwera m'chidebemo. Mungathenso kufinya mango kapena kuviika malambe ndi bwemba m'madzi owiritsa, ana adzamwa mokondwa.

(NYIMBO)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili ku Kabwazi, tikukamba za Khrisimasi ya thanzi. Mayi, nyengo ino ndi ya mvula, ndipo mvula imabwera ndi matenda otsegula m'mimba.

MLANGIZI: Zoona. Tisaiwale zimene tinaona kuyambira mu Malichi 2022 mpaka chaka cha 2023, pamene kolera anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sitinaonepo kolera woopsa chotero. Matendawa amakonda pamene pasonkhana anthu ambiri, chakudya chikuphikidwa chambiri, madzi akutungidwa paliponse. Madzi akumwa, ngakhale a pamjigo, thiranimo klorini monga akulangizirani alangizi a zaumoyo, kapena awiritseni. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo. Posamba m'manja tisanadye, tisiye zosambira m'beseni limodzi kuyambira agogo mpaka kamwana, chifukwa womaliza amasamba litsiro la onse. Wina azithirira anzake madzi, aliyense asambe ndi sopo.

MUULUTSI: Wina akayamba kutsegula m'mimba pakati pa chikondwerero?

MLANGIZI: Ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo anyamuke kupita kuchipatala akumwa m'njira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musanene kuti tidikire Khrisimasi ithe. Kolera amatha kupha munthu tsiku lomwelo.

MUULUTSI: Za nyama ya pamsika mungatiuze chiyani? Masiku amenewa mbuzi ndi nkhumba zimaphedwa zambiri.

MLANGIZI: Gulani nyama imene alangizi a ziweto aiyeza. Nyama yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa mobisa madzulo, kawirikawiri imakhala ya chiweto chofa chokha. Nkhuku yofa ndi chitopa kapena nkhumba yofa ndi chigodola ikwiriridwe, chifukwa kuyenda nayo ndiko kufalitsa matendawo m'makola a anzathu. Pa nyama ya nkhumba yang'anani bwino. Mukaona timatuza toyera m'minofu, isiyeni: timeneto ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo njoka za mtundu umenewu zikafala pamudzi, mazira ake amatha kufika ku ubongo wa munthu n'kuyambitsa khunyu. Nyama iliyonse ipse mpaka mkati, yowotcha ya pa chiwaya isatuluke magazi.

MUULUTSI: Bowa wayambanso kuoneka.

MLANGIZI: Bowa ndi ndiwo yabwino. Utale, manyame ndi ndelema timazidziwa. Koma nyengo ya mvula iliyonse timamva za mabanja amene agonekedwa m'chipatala, ena kumwalira, chifukwa cha bowa wa poizoni wofanana ndi wodyedwa. Musatume ana okha kukazula bowa. Apite ndi mayi wamkulu wodziwa, ndipo amene mukumukayikira musiyeni kutchire komweko. Kuphika sikuchotsa poizoni wa bowa woopsa.

MUULUTSI: Chakudya chikatsala, titani nacho? Kutaya n'kulakwa, kudya chowonongeka n'kulakwanso.

MLANGIZI: Nzeru yoyamba ndi kuwerenga anthu musanathire mpunga mumphika. Ambiri mwa ife tilibe firiji, ndiye chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri chisanatenthetsedwenso. Mpunga makamaka umawonongeka msanga ngakhale usakununkha. Ngati mwaphika wambiri, musadikire kuti ugone: tumani mwana akapatse agogo a kuseri kwa nyumba, amasiye kapena wodwala, chakudya chikadali chotentha. Nyama yotsala iwiritsidwenso madzulo ndi m'mawa, kapena iwambidwe pamoto. Mkute uvundikiridwe, ndipo utenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke musanapatse ana. Masamba akachuluka ndipo dzuwa lawala, futsani mfutso, mudzauyamika mu Okutobala.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Tsopano tilowe m'nkhani ya zinyalala. Aliyense wodutsa pa msika wa Kabwazi m'mawa wa pa 26 Disembala amadzionera yekha: majumbo m'ngalande, mabotolo m'njira, mapepala a bisiketi m'minda ya anthu.

MLANGIZI: Pamenepa ndikufuna nditchule mayi woyamba mwa amayi amene ndimawasilira, Mayi Gloria Majiga-Kamoto. Iwowa ankagwira ntchito ku bungwe loona za chilengedwe la CEPA ku Blantyre. Pa ntchito yawo ndi alimi a mbuzi anaona kuti mbuzi zikufa chifukwa chodya majumbo. Anthu amataya jumbo yokhala ndi fungo la chakudya kapena mchere, mbuzi n'kumeza, pulasitikiyo n'kutseka m'mimba. Boma linali litaletsa kale mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma makampani opanga anakatenga chiletso kukhoti, lamulolo n'kuima. Mayi Majiga-Kamoto anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi anthu wamba, anachita zionetsero za pamsewu, osatopa, kufikira pa 31 Julayi 2019 pamene bwalo la milandu la Supreme linagamula kuti mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 ndi oletsedwa. Mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa omenyera chilengedwe padziko lonse.

MUULUTSI: Koma majumbowo tikuwaonabe m'misika.

MLANGIZI: Tikuwaona, chifukwa milandu inapitirira kukhoti ngakhale pambuyo pa chigamulocho, ndiponso chifukwa ife ogula timawalandira. Khoti lingagamule, koma amene amatambasula dzanja pa benchi ya tomato ndi inu ndi ine. Amayi athu akale ankapita kumsika ndi dengu pamutu, mchere ankamanga pa kansalu, nyama ankakulunga m'masamba a nthochi. Palibe chachilendo chimene tikuphunzitsa. Popita kukagula za Khrisimasi tengani dengu kapena chikwama cha nsalu, mbale yovundikira ya nyama, ndi botolo loyera la mafuta ophikira. M'malo mogula timachubu ta mafuta khumi, gulani muyezo umodzi m'botolo lanu. Zakumwa gulani za m'mabotolo agalasi obweza. Mandasi ndi zitumbuwa zotentha zisaikidwe mu jumbo, ziikidwe m'mbale.

MUULUTSI: Zinyalala zimene zapezeka kale pakhomo tizitani? Kuno kulibe galimoto yotola zinyalala ngati m'tauni.

MLANGIZI: Zisiyanitseni pawiri, zowola ndi zosawola. Makoko a kachewere, a nthochi ndi a mango, masamba otsala ndi madeya zipite kwa nkhumba, mbuzi ndi nkhuku. Zimene ziweto sizidya, pamodzi ndi nthenga, phulusa ndi zosesa za pabwalo, zipite m'dzenje la manyowa. Feteleza wakwera mtengo, ndiye wotaya zowola akutaya chakudya cha munda wake. Zosawola zichepe kuyambira pogula. Mapaketi olimba a shuga ndi zigubu zodula mungathe kufeseramo mbande za mitengo. Zitini ndi mabotolo osweka zisasiyidwe pabwalo, chifukwa zimasunga madzi a mvula, udzudzu n'kuswana, komanso zimacheka ana. Zotsalazo zikwiriridwe m'dzenje lakelake, kutali ndi chitsime, dimba ndi mtsinje.

MUULUTSI: Ambiri timayatsira moto majumbo, makamaka nkhuni zikanyowa.

MLANGIZI: Chonde lekani. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, ndipo amene amaupuma ndi mayi wowerama pa mafuwa ndi mwana ali kumbuyo kwake. Sungani zitsononkho ndi udzu wouma pakhonde zoyatsira moto. Ndiwonjezere chenjezo lina kwa alimi a tomato ndi kachewere, pakuti kuno timapopera mankhwala kwambiri nyengo ya mvula. Tikamati gwiritsaninso ntchito mabotolo, sitikunena botolo la mankhwala a mbewu. Limenelo musaikemo mafuta, mchere, mkaka kapena madzi, ngakhale mutalitsuka chotani. Libooleni kuti wina asalitole, ndipo funsani alangizi a zaulimi katayidwe kake. Tomato wopopera dzulo asapite kumsika lero chifukwa choti mitengo ya Khrisimasi yakwera. Dikirani masiku amene alembedwa pa botolo.

MUULUTSI: Nanga mphatso? Pali mphatso yosasiya zinyalala?

MLANGIZI: Zilipo zambiri. Msoti wa nkhuku kwa mwana, kuti aphunzire kuweta. Mbaula ya dothi ya Chitetezo kwa apongozi, imene imadya nkhuni zochepa ndipo imaumbidwa ndi magulu a amayi. Mbande ya mango, ya mapeyala kapena ya mapichesi. Pajatu nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ife a kuno tikuona mmene nkhalango ya Dzalanyama ikuthera ndi makala, chonsecho mitsinje ya Diamphwe ndi Lilongwe imachokera kumeneko. Ku Kenya kunali Mayi Wangari Maathai, amene mu 1977 anayambitsa gulu la Green Belt Movement, amayi akumidzi n'kudzala mitengo mamiliyoni ambiri. Mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Anayamba ndi amayi osowa nkhuni, ofanana ndi ife.

(NYIMBO)

MUULUTSI: Mayi mlangizi, zonse takambazi, kuphika, kutunga madzi, kusesa, kusamala ana, zikuoneka kuti zikugwera munthu mmodzi.

MLANGIZI: Mwaona bwino achimwene. Tsiku la Khrisimasi mayi amadzuka tambala woyamba. Atunge madzi, asese, asambitse ana, akonze nkhuku, apite kutchalitchi kumene mwinanso ali m'kwaya kapena m'chigwirizano, abwere adzaphike, agawe, atsuke mbale. Amadya pomalizira, ataimirira. Dzulo lake anali kumunda, mawa lake abwereranso kumunda. Tsiku limene ena onse amapuma ndi limene mayi amatopa kuposa masiku onse.

MUULUTSI: M'boma lathu lino tinali ndi mayi amene dziko lonse lapansi linamudziwa.

MLANGIZI: Mukunena malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, a kumunsi kwa mapiri, cha ku Mtakataka. Anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27. Mu 2003 anaitanidwa kwawo kudzalowa ufumu. Atafika anapeza ana aakazi a zaka 12 kapena 13 ali ndi makanda kumbuyo, akutchedwa akazi a eni. Sanangodandaula. Anasonkhanitsa mafumu awo aang'ono, nawasainitsa pangano lothetsa maukwati a ana. Mafumu amene anapitiriza kuloleza maukwatiwo anawaimitsa paudindo mpaka atakonza zinthu. Anakhazikitsa amayi ndi abambo oyang'anira mwachinsinsi m'midzi, kuti mwana akachotsedwa pasukulu uthenga uwafike. Pofika 2016, malipoti ankanena kuti athetsa maukwati a ana oposa 850 m'zaka zitatu, anawo n'kubwezedwa kusukulu. Anaopsezedwa, makolo ena anawada, koma sanabwerere m'mbuyo. Anatisiya mu Ogasiti 2025.

MUULUTSI: Ndipo malamulo a dziko anasinthadi.

MLANGIZI: Anasintha. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana wosafika zaka zimenezo. Ntchitoyi anaigwira ambiri, kuphatikizapo atsikana eni ake monga Memory Banda, amene mng'ono wake anatenga pathupi ali ndi zaka 11. Koma kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Ndiye nkhondoyi sinathe.

MUULUTSI: Zikukhudzana bwanji ndi Khrisimasi?

MLANGIZI: Zikukhudzana kwambiri. Sukulu zatsekedwa, magule ndi madansi akuchezera usiku, anyamata abwera kuchokera ku Joni ndi ku Lilongwe ndi mafoni ndi ndalama, pamene kunyumba kwa mtsikana ufa ukutha. Mtsikana wofuna diresi ya Khrisimasi savuta kunyengerera. Makolo, dziwani kumene mwana wanu ali dzuwa likalowa. Akabwera ndi nsapato zimene simunagule, funsani. Malume, inu eni mbumba, musalandire nkhuku ya munthu wofuna mwana wa sukulu. Mukaona mwana akukakamizidwa ukwati kapena akuchitidwa nkhanza, uzani amfumu, gulu la amayi la pasukulu, apolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Kulemekeza Inkosi Kachindamoto ndiko kuonetsetsa kuti mtsikana aliyense amene watsekera sukulu mu Disembala akalowenso m'kalasi mu Januwale.

MUULUTSI: Pamenepa mowa ukulowaponso.

MLANGIZI: Ukulowapo. Ndalama ya feteleza imathera pa kachasu, ndewu zimabuka, mayi amene wakonza phwando amagona ndi mabala. Abambo amene mumamwa, idyani kaye, imwani mwa muyezo, mubwere kunyumba kukadawala. A kabaza a njinga zamoto, mukamwa musanyamule munthu, msewu wa dothi nyengo ino ndi woterera. Mwana asatumidwe kukagula mowa, ndipo asalawitsidwe.

MUULUTSI: Mwatchula amayi otchuka. Nanga a konkuno ku Kabwazi, amene mayina awo samveka pa wailesi?

MLANGIZI: Amenewo ndiwo ndimawasilira koposa. Mukatulutsa K200 pamsika mudzaona nkhope ya Mayi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu wa dziko lino, namangidwa mu 1959 ali ndi khanda. Koma tayang'ananinso dzanja limene likulandira ndalamayo. Ndi la mayi amene wadzuka usiku, wasenza dengu la tomato kuchokera kudimba, kuti mwana wake apeze makope. Alipo amayi otsogolera magulu a kadyedwe, amene amayenda khomo ndi khomo osalipidwa, kuphunzitsa anzawo phala la soya ndi nsinjiro. Alipo asungichuma a banki m'khonde amene asunga bokosi chaka chonse osasowetsa ngakhale tambala. Alipo agogo amene amasunga mbewu ya nyemba zamakolo, ya mawere ndi ya maungu, amene amadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha. Alipo ophika phala ku sukulu za mkombaphala, ndi olera ana amasiye pamwamba pa awo. Zimene a maphunziro akuzitcha kusamala chilengedwe lero, amayi amenewa akhala akuchita kuyambira kale: m'nyumba mwawo simutayika kanthu.

MUULUTSI: Ndiye ife abambo ndi anyamata tiwathokoze bwanji? Chitenje chatsopano sichikwanira?

MLANGIZI: Chitenje chibwere, tidzavala mokondwa. Koma mutu umodzi susenza denga. Bambo awaze nkhuni dzulo lake, aziike pouma. Anyamata atenge njinga akatunge madzi, akumbe dzenje la zinyalala, akonze mpondagiya. Abambo aphe nkhuku ndi kuisosola. Mbale atsuke ana onse, aamuna ndi aakazi omwe. Pa nthawi ya chakudya mayi akhale pansi, adye pamodzi ndi banja chakudya chikadali chotentha. Ndipo pa ndalama ija tinagawa patatu, mawu a mayi amveke, chifukwa ndi iye amene amadziwa kuti ufa wa m'nyumba ufika mwezi uti.

MUULUTSI: Mawu anu omaliza kwa omvera, mayi.

MLANGIZI: Ndipemphe mafumu ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti kuti alengeze tsiku losesa pamsika ndi m'njira chikondwerero chikangotha, ndipo pa tsikulo abambo ndi anyamata akhale patsogolo. Ndipemphe ogulitsa kuti afunse wogula ngati wabwera ndi chotengera asanatulutse jumbo. Ndipo banja lililonse lidzale mtengo umodzi wa zipatso chaka chisanathe, liusamale mpaka ukule.

MUULUTSI: Omvera athu, mwamva nokha. Gawani ndalama musanapite kumsika, nyamulani dengu, ikani magulu onse 6 m'mbale ya mwana, tetezani madzi akumwa, yang'anirani ana aakazi, ndipo mulandireni mayi katundu. Ngati muli ndi funso, kafunseni alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi a m'dera lanu. Tikufunirani Khrisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano chamtendere. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)